Mzati Wachitatu

Ndinafika nkhungu isanachoke ku Old Town,
tepi m'thumba, zala zitauma ndi chisanu cha Juni.
Eni malo, a Kanyimbo, akufuna nsanjika zisanu,
magalasi okhaokha,
kuti akamatsika ku Katoto aziona ndalama zawo zikunyezimira.
A khonsolo akuti zitatu basi,
ndipo khoma lakumsewulo lisakhudzidwe,
linaona tauni ino ikukwawa.

Ine pakati, ngati chala pachitseko.

Njerwa zake ndi zootcha, pena zadyeka ndi mvumbi.
Pakhonde, a Chavula atelala
akupalasa makina omwe anayamba kulira ndisanabadwe.
Sanafunse kuti ndine yani.
"Monire. Poyezapo musaponde ulusi."

Ndinayeza.
Pamzati wachitatu ndinapeza timizere ta pensulo
tokwera ngati makwerero a nyerere:
Suzgika, Mbachi, Tafwakose,
ana odzayezetsa yunifolomu Januwale aliyense.
Ka Mbachi kanafika m'chiuno mwanga,
nkulekera pomwepo.
Sindinafunse.

Usiku ku Chibavi magetsi atathima
ndinajambula ndi kandulo.
Pansi masitolo, ndi kangodya ka mayi wa nthochi ndi khofi,
pakati maofesi,
pamwamba mabanja anayi, mazenera kum'mawa,
poti kuno dzuwa ndi mlendo, zovala zimauma mochita kupempha.
Zonse zinakwana bwinobwino
kupatula masitepe.
Masitepe ankagwera pamzati uja ndendende.

Ndinafufuta mpaka pepala linabooka.
Tambala wachiwiri akulira, ndinawakankhira kuseri,
sitolo imodzi nkufera pomwepo.

A Kanyimbo anawerenga ndi zala, nabwerezanso.
"Mayi Luhanga, kodi mzati umalipira lendi?"
Ndinati ayi, bwana,
koma chotsani muone amene adzakhale pakhondepo.
Anatseka galimoto mwamphamvu. Sanati inde.
Sanatinso ayi.

Lachinayi ndinayala pulani pamakina a a Chavula.
Anaigwira chozondoka, mapini ali kukamwa,
chala chikutsata mizere ngati msoko.
"Apa mwapanikiza," anatero.
"Chovala cha mwana timasiyako mpindiro,
akakula timangomasula."

Ndinapinda pepala, mvula itayambanso kuwaza pamalata.
Mawa ndikaonekera ku khonsolo
ndi pulani yobooka pakati,
ndipo mpindirowo sindinaupezebe malo.