Sikelo ya kwa Msiska

Lachinayi usiku, kamvula ka ku Mzuzu kaja
kosagwa, kongolendewera m'malere,
tinali m'kachipinda ka Msiska ku Luwinga:
makompyuta anayi, mpando umodzi wopanda nsana,
fungo la majuzi onyowa ndi tchipisi chozizira.

Vinjeru amasankha mtundu wa akavalo nthawi zonse.
Miyezi isanu ndi iwiri wakhala akundipondaponda nawo.
Ndisanamalize n'komwe nkhokwe yachiwiri
ziboda zafika kale m'munda,
alimi anga akugwa makasu ali m'manja,
iye akuimba mluzu, mwendo pamwamba pa unzake.
Ine ndine wa amauta oyenda pansi,
anthu otchipa, ochedwa ngati mzere wa ku banki pakutha pa mwezi.
"Sankha ena," amatero. Ndimakana.
Ndinawazolowera ngati nsapato yoluma chala.

Tsiku limenelo kunabwera zosintha kuchokera kwa eni gemu,
anthu amene sitidzawaona nkhope.
Zinadya bandulo yonse, Msiska akudandaula m'Chitumbuka.
Suzgo anatiwerengera, chala chili pagalasi:
wokwera kavalo, moyo wake achotsako khumi,
golide womugulira awonjezapo asanu;
mkondo wautali tsopano uluma kavalo mozama;
muvi ufika phazi limodzi patsogolo.
Phazi limodzi!
Ndinaseka mpaka kutsamwa.

Vinjeru anadzambatuka. Akuti amubera masana.
Akuti m'mbiri yeniyeni akavalo amenewa anameza maufumu,
anawerenga yekha ku laibulale ya ku Mzuni,
ndiye wapakiyibodi ndi ndani kuti awathyole miyendo?
Suzgo anati: mbiri inalibe sikelo, achimwene.
Gemu ikafanana nayo ndendende,
ndani angalipire ola lathunthu
kuti akhale mtundu wogonjawo?

Tinayamba.
Ndinandanda mikondo pa dooko la mtsinje,
mauta kumbuyo, m'mphepete mwa nkhalango.
Anabwera monga mwa masiku onse, fumbi koboo,
ndipo kwa nthawi yoyamba fumbilo linathera m'madzi.
Mluzu unaleka.
Ndinamanga linga. Ndinaona nsanja yanga itaima,
chinthu chimene ndinkangochionera pa magalasi a anzanga.
Manja ankanjenjemera, osati ndi chisanu.

Koma eni gemu sanayeze kompyuta ya nambala folo,
mausi yake yofuna kuidina kawiri ngati wogontha.
Sanayeze akatumba anga
atapalasa kabaza kuyambira m'mawa, Katoto, Chibavi, Chiputula,
kapena laputopu ya mkulu wake wa Vinjeru
imene amagona nayo pabedi.
Analira mphindi khumi zokha.
Kenako anasiya akavalo, n'kupanga makina oponya miyala,
ndipo amauta anga, ataima mothithikana ngati chimanga cha m'dimba,
ndinawauza kuti abalalike.
Ndinadina. Ndinadinanso.
Anamva mwala utafika kale.

Ndinagonja pa mphindi makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi.
Kale zinkakhala khumi ndi ziwiri.
Suzgo anandigwira paphewa, akuti taona, sikelo yalungama.
Msiska anayang'ana wotchi, n'kutambasula dzanja:
ndalowa ola lachiwiri.
Chilungamo chija chinandidyera ndalama ya maulendo atatu.

Panja chifunga chinali chitameza nyale za mumsewu.
Minibasi zinali zitatha.
Vinjeru anayang'ana uku ndi uku, n'kukanda m'mutu,
kenako anakwera kumbuyo kwa njinga yanga
osafunsa mtengo.
Njira yonse ankanenabe za golide asanu aja,
kuti alemba kalata, kuti awabwezere moyo wawo khumi,
mpweya wake wofunda uli m'khosi mwangamu.
Pa chitunda ndinaimirira pa mapedulo,
tcheni chikulira, thukuta likusakanikirana ndi kamvula.
"Limbikira," anatero wokwera kavaloyo,
n'kundigunda m'nthiti ndi bondo.