Zimbale Zitatu za m'Belo la Kaunjika

Ndinazipeza m'belo la majekete ku Zigwagwa,
zimbale zitatu zomangidwa ndi mphira
m'thumba la chikhoti cha munthu
amene mwina anamwalira, mwina anangonenepa.
Nyachirwa anati tenga, n'zako,
ine ndimagulitsa zofunda, phokoso ayi.

Mayina ake lilime langa limakana.
Ndimazitchula ndi zikuto.

Choyamba ndi cha nsapato yong'ambika.
Nyimbo khumi ndi zinayi, mphindi makumi awiri ndi zitatu,
ndinawerenga ndekha.
Ukachiyamba potuluka ku Chiputula
chimatha usanafike pa depoti.
Wagitala amadziwa malo atatu okha oika zala.
Wang'oma amathamanga ngati wasakaramento
wotsika chitunda cha ku Masasa mabuleki ataduka.
Woimbayo saimba, amalalata
ngati munthu amene landilodi wamuzulira chitseko.
Panki, akutero eni ake.
Chizungu chawo chimandidutsa m'makutu
koma ngongole ndimaimva,
ngongole ili ndi mawu amodzi kulikonse.
Ichi ndimachipatsa malikisi onse, ndi ena obwereka.

Chachiwiri ndi cha nyumba ya m'nkhungu.
Indi roko. Fwasani amati inde roko,
ine poyamba ndinkati ayi roko.
Mnyamata wake amang'ung'udza ngati wachimfine,
magitala awiri akukangana mwaulemu
ngati apongozi pa nkhani ya malire a munda.
Mwezi wathunthu ndinkachinena chaulesi.

Kenako Juni anabwera
ndi kamvula kathu kowaza kaja,
kosanyowetsa malaya koma kolowa m'mafupa.
Dokiso anali atakwera basi ya ku Joni
atandisiyira ambulera yothyoka nthiti ziwiri.
Ndinakhala mumdima, magetsi atapita,
ndipo nyimbo yachisanu ndi chiwiri inandipeza.
Muli pena pomwe chala chimaterereka pa waya,
kamawu kakuti tswii.
Akanatha kukafufuta. Anakasiya.
Usiku umenewo ndinachipepesa chimbalecho.

Komabe nyimbo ziwiri zomaliza n'zongodzazira,
fumbi la pansi pa thumba la makala.
Zimenezo sindibweza.

Chachitatu n'cha anyamata omwe aja a nsapato,
zaka zisanu ndi chimodzi zitadutsa,
chaka chalembedwa kumbuyo.
Anapeza ndalama.
Pachikuto ameta, ayang'ana kumbali ngati ojambulitsa ya ukwati.
Abwereka mavayolini.
Ng'oma yawongoka ngati tala wa ku Katoto,
wolalata uja wapita kukaphunzira kupuma.
Palibe cholakwika m'menemo,
ndipo ndicho chimandiwawa.
Munthu wakhuta akamakuwa za njala
m'mimba mwake mumamutsutsa.
Pano ndimaikirapo tizomangira ta mafoni
ndikamakonza pa benchi langa,
chimanyezimira bwino, tosaoneka timaoneka.

Fwasani salekerera.
Akuti nyimbo yosavinika ndi ya chiyani,
pa ukwati wako tidzaika zimenezi
anthu adzafupe ndi miyala?
Mayi wina wobwera ndi foni yogwera m'ndowa
anandifunsa ngati wailesiyo nayonso ikudikira kukonzedwa.
Ndinati ayi mayi, ili bwino,
ndi dziko lomwe likumveka choncho.
Anatenga foni yawo, anapita kwa wina.

Sindikuti aliyense azikonde.
Ngakhale khofi wa kuno ena amamuthira shuga masupuni anayi.

Cha nsapato chija tsopano chakalika.
Pa nyimbo yachisanu ndi chinayi chimadumpha,
chimameza mawu mzere wathunthu.
Ndikudziwa pomwe dzenjelo lili
monga ndidziwira maenje a msewu wa ku Zolozolo.
Chikafika pamenepo sindichipukuta.
Ndimatseka kachitseko ka shopu,
ndimakweza mpaka sipika inthunthumire,
mzere wosowawo ndimaukuwa ndekha m'Chitumbuka,
ndi dzina la landilodi wanga,
bambo Mkandawire a nyumba zodontha,
ndipo limakwana ndendende.