Nkhope Imene Sinabadwe

Ku Watford mvula siigwa ngati kwathu,
imangokunyowetsa mwakachetechete ngati miseche.
Ndimatsika basi ya seveni koloko
kukasambitsa Mayi Beryl Tordoff,
amene miyendo inawakana chaka chatha
koma pakamwa pakadali pakuthwa.

Lero andituma m'chipinda cham'mwamba kukatenga bulangete.
Ndapezamo makatoni anayi onunkha nkhungu,
odzaza ndi magazini ya Lady Marigold,
kuyambira pamene inkagulidwa ndi masheleni
mpaka pamene inafa popanda woilira.
Ndavundukula zaka ngati wosankha kaunjika:
apa masiketi akusesa pansi, apa athawira kuntchafu,
nsidze zametedwa, zameranso, zametedwanso,
ndipo mkazi wakuda woyamba watulukira mochedwa,
pangodya ya tsamba lakumapeto, atanyamula sopo.

Koma nkhope imodzi ndaidziwa ndisanasase fumbi.

Inali pakhoma la azakhali anga Eneleti ku Kanjedza,
yomatidwa ndi phala la chinangwa,
tsamba lotoledwa m'bini ya dona wa ku Sunnyside.
Khosi lalitali ngati la kakowa,
masaya opanda ngakhale kachiphuphu,
maso oyang'ana dziko lina kumene kulibe ngongole.

Azakhali ankafunsira nzeru kwa iye m'mawa uliwonse.
Chipeso chachitsulo pambaula,
fungo la tsitsi lowauka,
khutu ili lapsa, mawa linalo.
Malipiro otaipa makalata ku Limbe
ankathera m'timabotolo toyeretsa khungu.
Masaya anayera, anafiira,
kenako anada kuposa kale,
ndipo pa ukwati wanga anakhala benchi yakumbuyo
mpango utafika m'maso.

Ndatsika nayo magaziniyo.
Mayi Tordoff avala magalasi, aiyandikiza kumphuno,
aseka mpaka chifuwa chawatsamwitsa.
"Ameneyu? Ndinamupanga ndine.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri kufakitale yosindikiza,
kaburashi kochepa ngati nsidze m'dzanja,
galasi lokulitsa padiso.
Tsiku limenelo mtsikanayu anali ndi chimfine,
mphuno yofiira, dzino lakutsogolo lobenthuka,
titsitsi tiwiri pachibwano.
Ndinafufuta zonse. Khosi ndinalikoka pang'ono.
Chiuno ndinachisema ngati sopo.
Mayi ake omubala anamudutsa m'sitolo osamuzindikira."

Ndawafunsa ngati iwo ankakhulupirira zimenezo.
Akhala chete, chala chikuyenda pa tsaya la pepala.
"Ndinkaigula Lachinayi lililonse, mwanawe,
n'kumakalira pagalasi ngati wina aliyense."

Pasofa mdzukulu wawo sanadzutse mutu.
Akusalaza nkhope yake pafoni ndi chala chimodzi,
ntchito ya sabata yathunthu ya agogo ake
yatha ketulo isanawire.

Kwathu tsopano ndi teni koloko.
Azakhali ali pakhonde, mwina akusankha nyemba.
Ndiwaimbire? Ndiwauze kuti chiyani?
Kuti amene munamuthamangira zaka zonsezi
analibe mudzi, analibe mchombo,
anabadwa Lolemba masana pa tebulo la mayi uyu,
amene ndikumuvula malaya ogonera?

Madzi afunda.
Ndasambitsa msana wa mawangamawanga,
chipsera cha opaleshoni, makwinya a m'khosi,
zonse zimene kaburashi kakanadya.
Ndawapukuta pang'onopang'ono, osasiya kanthu,
osachotsa kanthu.

"Dokotala akubwera naini koloko," atero.
"Tanditengera chopaka milomo, chofiira chija."
Ndagwada, ndawagwira chibwano,
ndatsata mzere wa milomo yonjenjemera mosamala.
Adziyang'ana pagalasi nthawi yaitali.
Kumbuyo kwa phewa lawo ndadziona inenso,
dzanja langa lili kale m'mwamba,
likukonza wigi.