Tepi ya Telala

Zaka makumi awiri ndi zitatu
pakhonde la sitolo ku Kamuzu Road
ndayeza ziuno za anthu a Salima:
akwati, aphunzitsi, ana opita ku fomu wanu.
Changa sindinachiyezepo.

Lachiwiri lija kuchipatala
namwino Kamtsitsi anasolola tepi m'thumba,
yachikasu ngati yangayi,
nandizinga nayo pamchombo.
"Musakoke mimba, bambo."
Analemba fote-folo m'kabuku,
pansi pake BP, pansi pakenso shuga,
ndi mafuta ena akuti amayenda m'magazi.
Ngongole zinayi patsamba limodzi.

Ine ndinkayesa mimba ndi umboni wa kupeza bwino.
Masupuni anayi mutiyi, mandasi awiri,
tchipisi cha pachiwaya masana, chozizira chotsitsira,
mapazi okha akupalasa makina,
thupi lonse lili patchuthi.

Mtengowo unalipo kale.
Mkazi wanga Nasimango anangozika nthambi
kuti ikhale mzati wa mpanda wa bafa,
n'kuphuka yokha, yosathirira.
Tinkayanikapo matawulo.
Mbuzi za aneba zinkaudziwa kuposa ife.
Cham'mwamba.

Tsopano amapulula masamba m'mamawa
nayanika pamthunzi,
akuti dzuwa la kuno ndi mbava.
Kusinja, kusefa, kusunga m'botolo lakale la khofi,
supuni imodzi m'phala, ina m'ndiwo zotendera.
Kukoma? Tisanamizane.
Fungo lake ndi la msipu.
Tsiku loyamba ndinafunsa
ngati mawa andimangirira pachikhomo.

Patatha mwezi ndinafuna kusiya mapiritsi.
Namwino anandisuzumira pamwamba pa magalasi:
"Inu malaya mumasoka ndi ulusi wokha,
singano mutataya?
Masambawo idyani, mankhwala imwani,
mchere uchepe, ndipo kabaza mumusiye."

Ndiye ndimawoloka njanji wapansi,
thukuta lili chuchuchu isanakwane seveni.
Anyamata a kabaza amandiimbira belu:
"Biggie, ndalama zatha?"
Ena amanong'ona kuti ndatenga kenakake,
paja kuno munthu akatsika thupi
mlandu umazengedwa iye kulibe.
Sindiyankha. Ndimapita kukatsegula makina.

Manambala m'kabuku akutsika mwaulesi,
ngati kasitomala wobweza ngongole,
mwezi wina amakweranso.
Sindidziwa gawo la tsamba ndi liti,
la piritsi ndi liti, la mapazi ndi liti.
Msoko ukagwira
sufunsa kuti wagwira ndi ulusi wapamwamba
kapena wapansi.

Dzulo, onse ataweruka,
ndinatenga buluku langa la kutchalitchi,
ndinaphwasula kumbuyo,
ndinabweza mainchesi awiri.
Ntchito yoyamba yosandipatsa khobidi
imene ndaimaliza ndikuimba mluzu.

Nsalu yotsalayo sindinaidule.
Ndaipinda m'kati, ndaisita bwinobwino.
Ndine telala, anthu ndimawadziwa,
ndipo Khirisimasi ili pafupi.