Mwini Malo wa M'sutikesi

Ndili ndi theka la Lusaka pansi pa bedi,
m'sutikesi yomwe loko wake anafa kalekale.
Musaseke.
Ndikaitsegula mumatuluka fungo la maofesi otsekedwa
ndi inki youma, yofiirira ngati dzimbiri la pa malata.

Chikalata choyamba ndinachipeza ku Kamwala
m'sitolo ya zitsulo, atakulungiramo misomali.
Ndinalipira misomaliyo, n'kuisiya pa kauntala,
n'kutenga pepala lokha.
Mwini sitolo anandiyang'ana mpaka ndinakhota pakona.

Masheya makumi asanu, paundi imodzi imodzi,
m'kampani yogula ndi kugulitsa malo
imene dzina lake salikumbuka ngakhale ku unduna
komwe ndinakalambira ndikudinda mafayilo a eni ake.
M'mphepete muli maluwa opotana ngati mphukira za maungu,
pakati nyumba ya khonde lalitali
ndi ng'ombe ziwiri zonona
zomwe sizinalawepo udzu wa Okutobala.

Tsopano zilipo makumi atatu ndi zinayi.
China ndinachilanditsa kwa mnyamata wokazinga chimanga ku Soweto
moto utanyambita kale ngodya.
China chili m'dzina la Mayi Ethel Marchbank, wamasiye,
wa m'tauni ina yozizira kutsidya kwa nyanja.
Kaya anaonapo dothi lofiira limeneli?
Kaya anadziwa kuti maekala ake anali ndi chulu,
mtengo wa mpundu, ndi manda a ana awiri?

Bambo anga, Yotamu Chikakula, anawadziwa.
Ndiwo ankakoka tcheni cha opima malo
kuchokera ku Ngwerere mpaka ku Makeni,
kukhoma zikhomo m'nthaka ya miyala,
minga m'zidendene, mchere ndi mashilingi pa Loweruka.
Ankati, ndikakomoka mundiike paliponse,
malire onse a m'tauni muno ndi mapazi anga.
Ndafufuza mapepala onsewa ndi galasi lokuza zilembo.
Muli mfumu ya pa sitampu, muli mlembi, muli wapampando
wa siginecha yonga njoka yopondedwa ndi lole.
Yotamu mulibe.

Mdzukulu wanga Tikambenji anafunsa tsiku lina,
Agogo, izi zingagule chiyani?
Ndinati, kale zikanagula msewu wonse uwu wa Chilenje.
Iye anati, nanga buledi?
Tinaseka mpaka chifuwa chinandigwira.

Alipo mkulu wina amaimba foni kuchokera ku Joni,
amatchula madola ngati akuwerenga mazira.
Amafuna zosapindika, zosalembedwa, zoyera kumbuyo.
Akuti kadontho kamodzi kokha, mtengo wagwa.

Chiswe sichinamve zimenezo.
Dzinja lapitali chinalowera pansi pa sutikesi
n'kudya wapampando yense, kusiya dzenje lozungulira.
Ndikakweza pepalalo pa windo
m'dzenjemo ndimaona mpanda wa njerwa wa aneba,
waya wamagetsi pamwamba pake,
ndi jakaranda akuthothola maluwa mbali zonse ziwiri
osafunsa puloti nambala.

Kumbuyo kwa chikalata chilichonse kuli mizere yopanda kanthu,
malo olembapo amene mwamusiyira chuma.
Usiku wa dzana magetsi atazima
ndinayatsa kandulo, n'kusongola pensulo ndi lezala.
Zaka makumi atatu ndinadinda za ena,
dzanja silinanjenjemerepo chonchi.
Ndinalemba pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu
zoti nawonso akanatha kuzitsata ndi chala:
YOTAMU CHIKAKULA, masheya makumi asanu.
Mboni, ine mwana wake.

Mtengo unagwa, ndikudziwa.
Ndinaumva ukugwa, ndipo ndinagona tulo tabwino.

M'mawa, ndisanathire madzi kumaso,
Mayi Nakazwe anagogoda ndi kiyi pa chitseko chawo,
chimene ine ndimachitcha changa.
Lendi yakwera kuyambira mwezi wa mawa.
Ndinati ndamva, mayi,
uku chidendene chikukankhira Lusaka
mkati mwa bedi.