Chitseko cha Khitchini

Ndazula chitseko cha khitchini,
ndachigoneka pa matumba awiri a kachewere
kuti chizigwedera pang'ono.
Ndi Juni, Lizulu wafunda chifunga mpaka kumutu,
malole a kabichi akutsokomola pamsewu,
ine ndagona chafufumimba, ndikupalasa mphepo ndi manja.

Anangondo asuzumira pampanda, mswachi uli kukamwa:
"Amake Sungeni, mwagwa?"
Ayi, ndikudikira funde.

Tsidya la msewuwu ndi Mozambiki.
Ndimawolokako ndi patapata kukapikula anyezi,
koma palibe anandiuza kuti dziko lomweli,
ukalitsata masiku awiri pa basi,
limakathera m'madzi opanda tsidya.
Sungeni ndiye anandiitana, amagwira ntchito kumeneko.
Akuti mayi, zaka makumi atatu mukuyeza ndowa za anthu,
bwerani mudzapumeko.
Analipira ola limodzi, la ine ndekha,
mtengo wake n'kubisa.
Ndinaupeza pa lisiti: ndowa zisanu zosefukira.
Usiku umenewo sindinagone.

Mphunzitsi anali Amade, mnyamata wa dzino lobenthuka.
Chipwitikizi changa n'cha pamsika,
manambala ndi "tsitsaniko",
choncho tinkayankhulana ndi zigongono.
Anandiveka chovala chothina ngati chubu cha njinga,
nandimanga chingwe kumwendo
monga mbuzi ya tsiku la msika.

Tinayambira pamchenga.
Gona, palasa, kankha, dzuka.
Anafunsa mwendo umene umatsogola, sindinkaudziwa.
Anandikankha kumsana mosachenjeza,
wakumanzere n'kutuluka wokha.
Zaka makumi asanu ndi zinayi ndili nawo,
sunanenepo kuti ndiwo mkulu.

M'madzimo ndinagwa kasanu ndi kawiri,
ndinawerenga, wamalonda sataya nambala.
Ndinamwa mchere wokwana ndiwo za pamaliro,
mchenga unalowa kumene sindingatchule,
duku linapita ku India osatsanzika.
Bondo lakumanja linayamba mlandu wake wakale.
Sungeni pamtunda, foni m'mwamba,
akuseka mpaka kukhala pansi.

Kenako Amade anandigwira chibwano, nachikweza,
n'kuloza mitengo ya kokonati kumtunda.
Osayang'ana pansi.
Aa! Zimenezo?
Ndinaziphunzira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
ndowa pamutu, potsika ku Chilobwe mvula itagwa:
khosi chilili, maso patsogolo,
chiuno chizimva chokha za njira.

Funde lachisanu ndi chitatu linabwera mwaulemu.
Anakankha thabwa, nakuwa,
ndinadzuka.
Ndinaima.
Nthawi yake inali yongokwana kubweza chenje,
koma madzi onse aja anandisenza ine,
ine amene ndasenza chilichonse,
ndipo pamutu panga panalibe kanthu,
ngakhale nkhata.
Khosi linasowa chochita.
Ndinamva mawu akulira ngati nthungululu,
ndinazindikira mochedwa kuti ndi anga.

Kenaka mchenga, bondo, mchere, ola latha.
Amade anayang'ana wotchi, mzungu wina akudikira.

Lero bondo likadatupa.
Ana opita kusukulu aima pachipata,
majuzi atakokera m'manja,
wina akuti agogo aja apenga.
Anangondo alavula thovu, azungulira mpanda,
akunga chitenje:
"Tasunthani. Ndiye mumati mwendo uti?"
Ndawakankha kumsana. Wakumanja.
Atukwana, aseka, agona pa chitseko,
matumba alira pansi pawo,
kachewere wanga akusupuka, ndikudziwa,
mawa ndimugulitsa motchipa.

Gonani, palasani.
Dikirani, silinafike.
Ndikuyang'ana kumsewu, kumene chifunga chikuyenda
chotsika m'phiri, choyera, chotakata,
chadutsa kale pa sitolo ya a Maseko.
Ilo likubwera.
Maso kutsogolo, mayi, musandiyang'ane ine.

Nkhuku zalowa m'khitchini.
Zisiyeni kaye.