Mneni wa Lachinayi

Ku Rosario, m'kalasi yoyang'ana mtsinje wa Paraná,
mayi Ofelia Barragán alemba pabolodi: kufufuta.
Choko chathyoka. Atola kachidutswa kakafupi.

"Mneni uyu sayenda yekha.
Amafuna dzanja, amafunanso chogwira.
Nahuel, tipatse chiganizo."

"Ndafufuta yankho lolakwa."
"Bwino. Milagros?"
"Mvula yafufuta mapazi a galu wathu."
Ana aseka. Galuyo amamudziwa, ngwa miyendo itatu.

Kumbuyo, Tadeo akweza mkono wa inki yokhayokha:
"Dzina linafufutika."

Mayi Ofelia angoti njo, dasitala m'manja.
M'chikwama mwawo muli chithunzi cha mlongo wawo Anselmo,
wa zaka makumi awiri mpaka lero,
amene anamukweza m'galimoto yopanda nambala
usiku wina mu 1977,
kaundula n'kumati munthu wotere sanabadwepo.

"Ayi, Tadeo. Dzina silifufutika lokha.
Bwereza. Analifufuta ndani?"

Belu lalira.
Apukuta bolodi, fumbi mbuu pamalaya,
n'kulemba pakona liwu limodzi: ndani.
Wosesa akabwera madzulo amadziwa kale,
pamenepo sakhudzapo.